Tikumbukire momwe Covid-19 inalowera m'Malawi

Akonzi,

Ndipatseni danga ndiyankhe anzanga amene mpaka lero amati Covid-19 anali matenda a anthu olemera okwera ndege.

Pa 2 Epulo 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za anthu atatu oyamba kupezeka ndi kachilomboka ku Lilongwe: mayi wa zaka 61 amene anali atangobwera kuchokera ku India, m'bale wake, ndi wantchito wa pakhomopo. Wachitatuyu ndiye amandikhudza mtima. Iye sanapite kunja, anakatengera pomwe amafunira chakudya. Pa 7 Epulo tinamva za imfa yoyamba ku Blantyre, ya mayi amene anali atangobwera kuchokera ku UK.

Ine ndimakhala ku Mwanza. Mu Meyi chaka chomwecho ndinaona mabasi ochokera ku South Africa atandandana pachipata, amayi ana ali kumsana, miyendo yotupa ndi ulendo wodutsa ku Zimbabwe ndi Mozambique. Anthu oposa 400 mwa obwera kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, pomwe anawasunga, ambiri asanamve zotsatira za kuyezedwa kwawo. Sindingawaweruze, poti anali otopa ndiponso amadandaula za chakudya ndi zimbudzi. Koma atamwazikana m'maboma, azaumoyo akanawalondola bwanji pamodzi ndi onse amene anakhudzana nawo?

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi nthambi yake yolondola matenda ya Public Health Institute of Malawi kuti atulutse m'Chichewa mbiri ya odwala oyambirirawo, boma ndi boma, yosonyeza angati anachokera kunja ndi angati anatengera konkuno, kuti alangizi azaumoyo m'midzi aziigwiritsa ntchito.

Wowerenga wanu,
Mwanza