Dandaulo pa mota ndi VFD zomwe munatisiyira osaziyesa pa ntchito

Kwa Bwana Oyang'anira Amisiri,

Ndaganiza zolemba kalata chifukwa pafoni takhala tikungolonjezedwa kuti "mawa tibwera".

M'mwezi wa Epulo munatigulitsa mota ya 55 kW pamodzi ndi VFD yake (chipangizo chamagetsi chowongolera liwiro la mota), n'kudzatimangira pachigayo chathu kuno ku Mchinji. Mumgwirizano munalemba kuti musanatisiyire mudzaziyesa zikugaya. Sizinachitike. Amisiri anu anavula malamba, n'kuliza mota payokha kwa mphindi 10. Ataona kuti ikukoka magetsi okwana ma ampu 32 okha, anati zonse zili bwino, basi n'kukwera galimoto.

Bwana, mota iliyonse imalira mokoma ikakhala kuti sikukoka kanthu. Pakachitsulo ka motayi palembedwa ma ampu pafupifupi 100 pa 400 V. Pamenepo ndiye pofunika kuiona, chimanga chili m'chigayo, kwa maola angapo mpaka kutentha kwake kutasiya kukwera. Ndimomwe ndinkayembekezera, ndipo ndalama ya ntchito imeneyo ndinalipira.

Tsiku loyamba kuthira chimanga, VFD inazima theka la ola lisanakwane, italemba "overload", kutanthauza kuti yalemedwa. Mpaka lero ndi chimodzimodzi. Ndinaitana mmisiri wina wa zamagetsi, kulipira ndekha. Anapeza kuti manambala a pakachitsulo aja sanalowetsedwe n'komwe mu VFD. Chondiwawa kwambiri n'chakuti VFD yomwe munatipatsa ndi yoyenera mapampu ndi mafani, imene imapirira 110% ya mphamvu yake kwa mphindi imodzi. Chigayo chanyundo chimafuna yopirira 150%, poti chimanga chikalowa chambiri nthawi imodzi mota imakoka magetsi mwadzidzidzi. Mukanayesa ndi chimanga, mukanaziona nokha tsiku lomwelo.

Anyamata anga anayesa kutsitsa liwiro kufika 30 Hz kuti mwina isazime. Mota inatentha moti sukanaikapo dzanja, chifukwa fani yoiziziritsa ili pashafiti yomweyo, liwiro likatsika mphepo imachepanso. Ndinawaletsa, kuopa kuti ingapse.

Ino ndi nyengo yokolola. Amayi akubwerera ndi matumba awo pamutu kukagayitsa kwina, pomwe antchito ndikuwalipirabe.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 7 mubwere ndi VFD yoyenera, muikonze mogwirizana ndi motayi, ndipo muiyese ikugaya ine ndili pomwepo. Mundisiyire lipoti losainidwa losonyeza ma ampu a feizi iliyonse (waya uliwonse wopatsa mota magetsi) ndi kutentha kwa mota. Mukalephera, dzatengeni katundu wanu mundibwezere ndalama zonse.

Ine wanu,
Mwini chigayo, Mchinji