Liwu lakuti "charge" linatsala pang'ono kuwadyera ndalama malume anga

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za liwu la Chingerezi lakuti "charge", limene tinalibwereka n'kulisandutsa "kutchaja", koma tinangotolako matanthauzo awiri okha. Pa msika wa Kapata aliyense amadziwa kutchaja foni, makamaka kuyambira 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri, ndiponso amadziwa kuti wanjinga akakutchajani ndiye kuti wakuuzani mtengo.

Mwezi watha malume anga, amene amalima mtedza ku Chadiza, anatengeredwa kupolisi atamenyana ndi mnansi wawo chifukwa cha malire a munda. Wapolisi atawerenga pepala n'kunena kuti "you are charged with assault", iwo anamasula kansalu kamene amamangamo ndalama n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mwanditchaja zingati, bwana?" Mwamwayi wapolisiyo anali munthu woongoka, ndipo anawafotokozera m'Chinyanja kuti akuimbidwa mlandu womenya munthu, umene ukaweruzidwe kukhoti. Akanapezana ndi wadyera, ndalama za mtedza zikanathera pomwepo, iwo n'kubwerera kumudzi akuganiza kuti mlandu watha. Kuchipatala nakonso ndamvapo agogo ena akuopa kuonana ndi "in-charge" poganiza kuti ndi wotolera ndalama, chonsecho ndi namwino woyang'anira anzake.

Matanthauzo onsewa ali ndi muzu umodzi. Liwuli linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, ndipo gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti "carrus", kutanthauza ngolo, komwenso kunachokera "car" ndi "cargo". Poyamba linkatanthauza kupakira katundu, n'chifukwa chake batire imapakiridwa moto, wogula amasenzetsedwa mtengo, woganiziridwa amasenzetsedwa mlandu, ndipo woyang'anira amasenza udindo. Ifenso timati munthu wasenza mlandu kapena wasenza udindo, kotero mwana wa ku Chadiza sangavutike kumva zimenezi atamufotokozera ndi ngolo ya ng'ombe imene amaiona tsiku lililonse.

Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri, ndipo ndikuvomereza kuti nanenso ndinkalemba pa bolodi liwu limodzi ndi tanthauzo limodzi, ana n'kuloweza. Ndikupempha aphunzitsi anzanga ndi owulutsa mawu pa mawailesi a kuno kum'mawa kuti mawu otere aziwaphunzitsa m'ziganizo, ndiponso apolisi aziwerenga mlandu m'chilankhulo chimene woimbidwayo akumva asanamupatse cholembera kuti asaine.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kapata, Chipata