Chakudya wachipeza, koma mankhwala usasiye

Mnzanga wapamtima,

Ndalandira kalata yako, ndipo mtima wakhala pansi kumva kuti m'mimba mwaleka kupotokola ndipo usiku ukugona tulo. Kuno tonse tili bwino, kungoti kukutentha.

Koma mawu ako omaliza aja sanandisangalatse. Ukuti poti wadziwa zakudya zimene zimakuyanja, azathioprine, mankhwala ako a matenda a m'matumbo a Crohn aja, ukufuna kumusiya. Pamenepo ndikukana. Ukudziwa kuti mlongo wanga matenda a Crohn wakhala nawo nthawi yaitali, ndipo womuphikira ndine, choncho sindikungolankhula zakumva.

Matendawa ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimatembenukira matumbo a mwiniwake. Zilonda zimatha kumakula mwakachetechete, munthu osamva ululu uliwonse. Chakudya chimachepetsa kupweteka ndi kutsegula m'mimba, koma chimene chimagwira chitetezocho kuti chisalusenso ndi mankhwala. Komanso azathioprine sagwira ntchito tsiku lomwelo, amatenga miyezi 2 kapena 3. Bwanji ngati mpumulo ukuumva panowu ndi ntchito yake, iwe n'kumayamikira phala? Ukamusiya matenda n'kudzuka, ubwereranso ku prednisolone, yemwe anakutupitsa nkhope ndi kukusowetsa tulo uja. Inde, ana amawachiza nthawi zina powamwetsa chakudya chapadera chamadzimadzi chokhachokha kwa masabata 6 mpaka 8, koma zimenezo amayang'anira ndi madokotala, si zongodziyambira kukhitchini.

Zakudyazo pitiriza, sindikutsutsa. Mlongo wanga m'mimba mukavuta mgaiwa timaubisa, timamuphikira nsima ya ufa woyera, yofewa. Dzungu ndimasenda n'kuliphika mpaka kuphwanyika ndi chipande, nsomba ndimawiritsa osakazinga, dzira, nthochi yakupsa bwino, basi. Mtedza wokazinga, chimanga chootcha, nyemba zamakoko ndi mango aulusi aja ayi ndithu, chifukwa pamene matumbo anachepa zoterezi zimatsekereza njira. Akapeza bwino timabwezera ndiwo zamasamba pang'onopang'ono, chimodzi chimodzi, kuti chikamupweteka tichidziwe. Usamangodula zakudya mpaka kutsala ndi mpunga wokha, uwonda. Akamakuyeza magazi uziwafunsanso za ayironi ndi vitamini B12, poti B12 amalowa m'thupi kumapeto kwa matumbo aang'ono, malo amene matendawa amakonda.

Tsono za ulendo wako wa mu Disembala. Chitetezo chako n'chotsika chifukwa cha mankhwalawo, ndiye madzi akumwa tidzakuwiritsira, ndipo mkaka wosaphitsa sudzaulawa ngakhale azakhali ako akakamize. Uwauze madokotala ako ku Manchester kuti ukubwera kudziko la malungo ndi TB, akupatse mankhwala oteteza ku malungo usananyamuke. Ngati adzafuna kukusinthira ku adalimumab kapena infliximab, akuyeze kaye TB yobisala, chifukwa mankhwala amenewo amaidzutsa. Katemera wokhala ndi tizilombo tamoyo ngati wa yellow fever sabayitsa munthu amene ali pa mankhwala akowa. Thupi likadzatentha kuno sitidzadikira kuti kuche, n'kuchipatala pompo. Mutu ukawawa, panado. Brufen ndi diclofenac, amene anthu kuno amangomeza ngati maswiti, amayambitsanso zilonda za m'matumbo.

Mapiritsi udzatenge okwanira ulendo wonse, uwaike m'chikwama cham'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndi chipewa chadzuwa, poti azathioprine ndi dzuwa lakuno sizigwirizana pakhungu. Undiuze tsiku lofika kuti ndipeze galimoto yodzakutenga ku Chileka.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wakale uja.