Ana athu akaone mathithi ndi maso awo

Akonzi,

Ndiloleni ndiuze anzanga zomwe ndinaona ku South Africa mu Febuluwale. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Mbombela, mzinda umene ambirife timautchulabe kuti Nelspruit. Ataona kuti ndatha masabata awiri ndili bindikiro m'nyumba, Lachisanu lina anati, "Ababa, tengani juzi, lero tikupita kumapiri."

Tinalowera ku Graskop, katauni kamene kali pamwamba pa mapiri m'chigawo cha Mpumalanga. Msewu wake umadzera ku Sabie, ndipo uku ndi uku ndi paini ndi bulugama basi. Tisanafike tinaima pa mathithi a Mac Mac, pomwe madzi amagwa mamita 65 kulowa m'phompho. Dzinali linabwera m'chaka cha 1873, nthawi imene anthu ankakhamukira kuderali kukakumba golide: ambiri anali ochokera ku Scotland ndipo mayina awo ankayamba ndi Mac. Akuti okumbawo ndiwo anaphulitsa thanthwe pofuna kupatutsa mtsinje, madziwo n'kugawikana pawiri. Ndinaima nthawi yaitali pa mpanda, nkhope ili chinyezi, phokoso likumvekera m'chifuwa.

Ku God's Window, malo apamwamba oonerapo zigwa za m'munsi, tinapeza nkhungu yokhayokha, moti sitinaone kanthu. Amene mudzapite nthawi ya dzinja dziwiranitu zimenezi. Mathithi a Berlin tinangowasuzumira chifukwa kunayamba kuwaza.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndinachiona pa mathithi a Lisbon, aatali mamita 94. Tinapezapo basi yodzaza ana asukulu, m'mayunifolomu awo, aliyense kope m'manja. Aphunzitsi awo, mayi wachitsikana ndithu, anawaimika m'mbali n'kuwalozera dziwe la m'munsi. Chilankhulo chawo sindichimva, koma mwana wanga ankanditanthauzira: ankawafunsa chimene chinakumba dziwelo. Ana anakanganirana kuyankha, wina akuti miyala, wina akuti madzi, ndipo kamnyamata kena kanagwada n'kuyamba kujambula thanthwelo. Mayankho onse awiri anali oona, pakuti madzi akamagwa amazunguza miyala, miyalayo n'kumapera pansi chaka ndi chaka.

Akonzi, mtima unandipweteka. Ine ndaphunzitsa ku pulayimale zaka 31. Phunziro lomwelo ndinkalijambula pa bolodi ndi choko. Ndinkauza ana kuti mathithi a Manchewe, kufupi ndi Livingstonia m'boma la Rumphi, ndi aatali mamita 125, ndipo kuseri kwake kuli phanga limene anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo zakale. Ana ankaloweza, mayeso n'kukhoza. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamutengerako, ndipo inenso sindinapondeko. Taonani, Manchewe amaposa Lisbon kutalika, koma ine ndakayamba kuona a eni ake.

Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta, ndipo kubwereka basi si masewera. Komatu si onse ofunika basi. Sukulu za mumzinda wa Zomba zili m'tsinde mwa phiri lomwe kuli mathithi a Williams. Ana a ku Mulanje akhoza kufika pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula ndi miyendo yawo. A ku Chikwawa ali ndi Kapichira, komwe angaonenso mmene madzi a Shire amapangira magetsi. Ndikupempha makomiti a sukulu ndi makolo kuti pokonza ndondomeko ya chaka aziikapo tsiku limodzi la ulendo wotere, ngakhale wa Sitandade 7 yokha, ana atanyamula mbatata yootcha ndi madzi akumwa.

Ine ndayamba kale kusunga pang'onopang'ono kuchokera pa penshoni. Mu Ogasiti, sukulu zikatsekera, ndikutenga adzukulu anga atatu kupita ku Chitimba, ndipo kuchokera pamenepo tidzakwera mtunda wa Livingstonia.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Dedza