Musanagule laputopu yopyapyala, itembenuzeni muone kunsi kwake

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata. Ndine mwana wa Mmalawi wobadwira kuno ku Zimbabwe. Bambo anga anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero), ndipo ine ndakulira ku Mufakose komwe ndikukhala mpaka lero. Nyuzipepala yanu ndimaiwerenga pa intaneti, chifukwa ndi yomwe imandikumbutsa Chichewa chomwe bambo ankatiyankhula pakhomo.

Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga wa mwana wa mchemwali wanga ku Lilongwe. Wayamba sukulu ya ukachenjede, ndiye ananditumizira chithunzi cha laputopu pa WhatsApp n'kundifunsa kuti, "Amalume, iyi ili bwanji? Ndi yaing'ono, yopepuka, ndipo mtengo wake ndi wabwino." Nditaona chithunzicho ndinazindikira kuti ndi mtundu womwewo umene ndinatsala pang'ono kugula ine mwini miyezi ingapo yapitayo. Ndinamuyankha mwachidule, koma ndaona kuti makolo ambiri akutaya ndalama zomwe anazipeza movutikira pa nkhani yomweyi, choncho ndilembe zonse.

Ndine mlembi wa bungwe lathu lothandizana pa maliro. Ndimasunga mayina a mabanja, zopereka za mwezi ndi mwezi, ndi makalata omwe timalemba mnzathu akatisiya, makamaka ngati abale akufuna kuti thupi lipite kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Misonkhano yathu imazungulira: mwezi uno ku Mbare, mwezi wamawa ku Highfield, kenako ku Mabvuku. Konseko ndimayenda pa kombi, chikwama chili pamiyendo. Laputopu yanga yakale inali ya sikirini ya mainchesi 15.6, ndipo pamodzi ndi chaja chake inkapitirira makilogalamu awiri ndi theka. Pofika madzulo phewa linkachita kuwawa. Batire lake linatha kalekale, moti magetsi akangozima nayo inkazima pomwepo. Chinandimaliza n'chakuti pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka chitetezo chake cha masiku onse pa Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo purosesa, yomwe ndi ubongo wa makina angawo, inali yakale kwambiri kuti ilandire Windows 11. Sindikanasunga mayina ndi ndalama za anthu m'makina osatetezeka. Mamembala anagwirizana kuti bungwe lindithandize theka la mtengo.

Ndinapita m'tauni ndi maganizo amodzi okha: ndikufuna yaing'ono, yopepuka. M'sitolo ina mnyamata wogulitsa anandipatsa yasiliva, yopyapyala ngati kope la mwana wa sukulu. Nditainyamula ndi dzanja limodzi mtima unangoti myaa. Mwamwayi ndinali ndi mdzukulu wanga amene amakonza makompyuta, ndipo iye sanayang'ane n'komwe kukongola kwake. Anaitembenuza, nafunsa mnyamatayo m'Chishona kuti RAM yake (malo omwe makina amagwirirapo ntchito zomwe mwatsegula) ndi yochuluka bwanji, ndipo kodi ingawonjezeredwe. Yankho linali lakuti ndi 4 GB, yomatiriridwa pa bolodi lalikulu la m'kati mwa makina. Posungira zinthu panali 64 GB ya mtundu wotchipa wotchedwa eMMC, nayonso yomatirira. Mdzukulu wangayo anangoti, "Agogo, tiyeni." Panja anandifotokozera kuti Windows 11 payokha imadya gawo lalikulu la malo amenewo, ndipo 4 GB ndi malire apansi penipeni omwe imafuna kuti ingoyaka. Mukatsegula Excel ndi masamba angapo a intaneti, makina ayamba kukwawa, ndipo palibe chomwe mungachite chifukwa mulibe potsekula kuti muikemo china. Akuluakulu ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumvetsa kuti kupyapyala sikubwera kwaulere. Kuti laputopu ichepe thupi, opanga amachotsa timipata tomwe RAM imalowamo n'kuimatirira pa bolodi. Amachepetsa madoko a m'mbali, mabowo olowetsamo zingwe ndi mafulashi aja. Amafupikitsa mabatani a kiyibodi. Nthawi zina amachepetsa batire, kapena fani yoziziritsa. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake, ndipo kwa munthu wa ku London amene magetsi sazima kwawo, amene makina akavuta amangokabweza kusitolo, mwina palibe chodandaulitsa. Ife tikagula laputopu timayembekeza kuti itumikire zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, kenako ipite kwa mwana. Ikafa, timapita nayo kwa mnyamata wa sikuludiraiva pa kauntala yaing'ono m'tauni, ndipo iye amatha kukonza chokhacho chomwe chimamasuka.

Nkhani imene ndinakhalitsa nayo ndi ya batire, chifukwa kuno ndiyo imalamula zonse. Madzi akachepa ku damu la Kariba komwe amapanga magetsi, monga zinachitikira mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022, m'malokeshoni mwathu magetsi amachoka m'bandakucha n'kudzabwera usiku anthu atagona. Abale a ku Malawi mukudziwa zomwezi mtsinje wa Shire ukavuta. Pa bokosi amalemba kuti batire limakhala "mpaka maola 12," koma mawu akuti "mpaka" amenewo ndi a sikirini yothimitsidwa kuwala ndi makina osagwira ntchito yeniyeni. Nambala yoyenera kufunsa ndi ya Wh, muyeso wa moto womwe batire limasunga. Malaputopu ang'onoang'ono otsika mtengo ambiri ali ndi batire la pakati pa 35 ndi 42 Wh, pomwe abwinoko ali ndi 50 mpaka 60 kapena kuposa. Masamu ake ndi osavuta: ngati makina akudya mawati 10 pamene mukulemba, batire la 40 Wh likupatsani maola anayi, la 57 Wh pafupifupi asanu ndi limodzi. Ndipo batire limafooka chaka ndi chaka, choncho loyamba ndi mphamvu zochepa limafika msanga pokhala lopanda ntchito. Funsaninso ngati batirelo ndi lomangidwa ndi masikuluwu kapena lomatidwa ndi guluu, komanso ngati lina lotere limapezeka m'tauni mwanu.

Chachiwiri pa nkhani ya magetsi yomweyi ndi potchajira. Doko la USB-C, kabowo kakang'ono kofanana ndi kotchajira mafoni amakono, silifanana pa makina onse. Ena ali nalo koma ndi lodutsira mafayilo basi, satchajira pamenepo. Ine ndinaumirira kuti wogulitsa alowetse chaja cha USB-C ndione ndi maso anga kuti batire likudzaza. Chifukwa chake n'chakuti laputopu yotchajira pa USB-C imatha kumwa moto kuchokera ku power bank yomwe imatulutsa mawati 45 kapena 65. Power bank ya 20,000 mAh imasunga pafupifupi 74 Wh, kutanthauza kuti ngakhale moto wina utayike panjira, imadzaza laputopu yaing'ono kamodzi. Ndimaitchaja usiku magetsi akabwera, kapena masana pa sola ya aneba. Komanso chaja chotere chikatayika kapena kupsa, china chimapezeka paliponse, osati zija za kamutu kozungulira zomwe kampani iliyonse ili ndi kukula kwake. Kwa ine ichi chokha chinaposa kufunika kwa magalamu 200 omwe ndikanapulumutsa pogula yopyapyala kwambiri.

Madoko ena ndiwatchule mwachangu. Kutchalitchi kwathu pulojekita imalowa pa doko la zithunzi lotchedwa HDMI. Msungichuma wa bungwe amabweretsa malipoti pa fulashi ya USB yaikulu ija yakale. Pulinta yathu nayo ndi ya chingwe chakale. Laputopu yokhala ndi timadoko tiwiri ta USB-C tokha imafuna kachipangizo kolumikizira kapadera, komwe ndi ndalama zina, ndipo ndi kanthu kakang'ono kosavuta kuiwala pa benchi ku Mabvuku.

Sindikufuna kunamizira makina opyapyala onse, chifukwa ena ndi abwino zedi. Mlamu wanga ali ndi MacBook Air ya M1, ija inatuluka mu 2020. Imalemera makilogalamu 1.29, ilibe fani ndiye siikoka fumbi la mwezi wa Okutobala, siichita phokoso, ndipo batire lake limatha tsiku lonse la ntchito. Pa nkhani ya magetsi ozimazima, imeneyo ndi ngwazi. Ndinaisirira. Koma RAM ndi posungira zinthu zonse n'zomatirira, madoko ndi awiri a USB-C, ndipo ikavuta bolodi, mtengo wokonzetsa ndi wina. Mlamu wangayo ali ndi mwana ku Johannesburg amene angamutumizire china chilichonse. Ine ndilibe. Palinso malaputopu a Windows okhala ndi purosesa ya Snapdragon X omwe anayamba kutuluka mu 2024, nawonso osunga moto nthawi yaitali. Mdzukulu wanga anandichenjeza kuti mapulinta ena akale ndi mapulogalamu ena sagwirizana nawo, popeza kapangidwe ka purosesayo n'kosiyana ndi ka Intel ndi AMD. Amene akufuna yotere ayambe wayesa ndi pulinta yake.

Pa sikirini ndinasintha maganizo ndili m'sitolo momwemo. Ndinkafuna ya mainchesi 12 kapena 13, koma maso anga si a mnyamata, ndipo buku la zopereka lili ndi mizati 12 ya miyezi kuphatikiza dzina ndi malo. Nditatsegula fayilo yangayo pa ya mainchesi 14 yokhala ndi timadontho topanga chithunzi 1920 x 1200, chaka chonse chinaoneka popanda kukokera uku ndi uku, ndipo mizere inaoneka yambiri kuchokera pamwamba kutsika pansi. Masikirini a 1366 x 768 akadagulitsidwabe pa makina otchipa. Apewe amene adzagwira ntchito ya matebulo kapena kuwerenga mabuku a sukulu. Galasi lonyezimira limakongola m'sitolo, koma ife misonkhano ina timachitira panja, pansi pa tenti ya maliro, pomwe galasi lotero limasanduka kalilole. Ndinasankha losanyezimira.

Kiyibodi ndinaiyesa polemba chiganizo chathunthu. Makina ambiri obwera kuno ndi a misika ya kunja, ndipo ena mabatani ake ali m'malo achilendo. Ena opyapyala kwambiri mabatani ake salowa pansi mokwanira, zala zimatopa. Ndinaonetsetsanso kuti mabataniwo amayaka kunsi, chifukwa makalata ambiri a maliro ndimalemba usiku mumdima. Pano ndidandaule pang'ono: palibe kiyibodi imene ndinaiona yokhala ndi chilembo chathu cha ŵ. Bambo anga ankalemba Malaŵi ndi kadenga kake, ndipo ine ndinachita kupempha mdzukulu kuti andikonzere njira yachidule mu Word kuti ndizichipeza msanga.

Pamapeto pake ndinagula ya mainchesi 14, yolemera pafupifupi kilogalamu ndi theka, RAM 16 GB yokhala ndi mpata wowonjezera, posungira zinthu pa mtundu wa SSD ya 512 GB yomasuka ndi sikuluwu imodzi, HDMI, madoko awiri a USB akale ndi la USB-C lotchajira. Si yokongola. Ndi yakuda, yapulasitiki, yonenepa kuposa ya mlamu wanga, ndipo fani yake imamveka kukatentha. Masipika ake ndi ofooka, kamera yake ndi ya wamba. Zimenezo ndinazivomera ndikudziwa, chifukwa ntchito yanga siidalira pamenepo. Inandidyera ndalama zoposa kawiri mtengo wa yasiliva ija, ndipo ndinadikira miyezi iwiri kuti madola akwane. Phewa langa lapepukidwa ndi kilogalamu yathunthu, ndipo mwezi watha tinachita msonkhano wonse ku Highfield magetsi kulibe, malipoti onse ndinawerenga mpaka kutseka ndi pemphero.

Kwa amene ndalama sizikufika pa yatsopano yotere, ndinganene mosabisa kuti laputopu ya m'maofesi yogwiritsidwapo kale ntchito, monga ThinkPad, Latitude kapena EliteBook, imaposa yatsopano ya 4 GB. ThinkPad T480 ya 2018, mwachitsanzo, ili ndi mipata iwiri ya RAM ndi batire lachiwiri lochotseka ndi dzanja. Koma muonetsetse nambala ya purosesa. Wogulitsa akangoti "ndi Core i5" sanakuuzeni kanthu, chifukwa dzina limenelo lakhalapo kuyambira 2009. Nambala yotsatira ndiyo imanena m'badwo: i5-7200U ndi ya m'badwo wa 7, i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ndipo Windows 11 imayambira pa wa 8 kupita m'tsogolo. Za batire, pemphani kuti alembe powercfg /batteryreport pa makinawo inu mukuona. Lipoti lake limaonetsa mphamvu zomwe batire linali nazo lili latsopano ndi zomwe latsala nazo lero. Wogulitsa wokana kuchita zimenezi musiyeni.

Akonzi, ndikupempha kuti muzitipatsako tsamba lofotokoza zinthu zoterezi m'Chichewa, ngakhale kamodzi pa mwezi, chifukwa amene amalipira malaputopu a ana a sukulu ndi makolo ndi amalume omwe Chingerezi cha pa mabokosi chimawadutsa. Mwana wa mchemwali wanga ndamuuza kuti asagule ya pachithunzi ija. Abwerere kusitolo Loweruka, aitembenuze, afunse za RAM, za Wh ndi za potchajira, anditumizire mayankho, ndipo ndalama yotsalayo ndimuwonjezera mwezi ukatha.

Ine wowerenga wanu,
Mlembi wa bungwe lothandizana pa maliro,
Mufakose, Harare