Kalata yotseguka kwa Mkulu wa National Archives ku Washington: mafayilo a penshoni a asilikali akuda atuluke

Olemekezeka,

Ndabwera ndi pempho limodzi. Mafayilo a penshoni a asilikali akuda amene anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, kumbali ya zigawo za kumpoto polimbana ndi zigawo za kum'mwera zosunga akapolo, ajambulidwe onse, aikidwe pa intaneti, ndipo aliyense aziwawerenga osalipira. Ndikudziwa kuti ku ofesi kwanu mapepala ndi ambiri kuposa manja, ndiponso kuti aliyense wogogoda pakhomo panu amati zakezo ndiye zoyenera kuyamba. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake ndikuti awa atsogole.

Mzungu wa ku America akafuna kudziwa makolo ake, amabwerera m'mbuyo kalembera ndi kalembera, kenaka m'mabuku a tchalitchi ndi zikalata za malo, mwina mpaka kukafika pa sitima imene inawatsitsa. Mdzukulu wa akapolo akafika pa 1870, njira imathera pomwepo. Kalembera wa chaka chimenecho ndiye woyamba kulemba mayina a anthu amene anali mu ukapolo. Mu 1850 ndi 1860 akapolo ankalembedwa pa mapepala apadera: dzina la mbuye wawo, kenaka mizere yonena zaka, mwamuna kapena mkazi, ndi maonekedwe a khungu. Basi. Mu 1860 anthu pafupifupi 4 miliyoni anawerengedwa mwa njira imeneyi. Munthu umaloza mzere wonena za mnyamata wa zaka 22, n'kumadzifunsa ngati ali iyeyo kapena mnzake wa mzere wotsatira, ndipo pepalalo silikuyankha.

Ine nkhaniyi inandipeza kudzera m'banja. Ndinakwatiwa kwa anthu akuda a ku America, ndipo chimene apongozi anga aakazi anamva kwa agogo awo ndi chakuti m'banjamo munali wina amene anathawa kwa mbuye wake n'kukavala yunifolomu. Amadziwa dzina loyamba lokha ndi dera limene anachokera. Mabanja oterewa ndi ambirimbiri.

Usilikali ndiwo unachititsa kuti boma liyambe kulemba anthu amenewa ndi mayina awo. Pa 22 May 1863 unduna wa zankhondo unakhazikitsa ofesi yolemba asilikali akuda, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo amuna akuda pafupifupi 179,000 anali atalowa m'gulu lankhondo lapamtunda, enanso ngati 19,000 m'gulu lapanyanja. Pafupifupi 40,000 anamwalira, ambiri ndi matenda osati chipolopolo. Poyamba ankalandira madola 10 pa mwezi, n'kudulidwanso madola 3 a zovala, pamene msilikali wachizungu ankalandira 13. Nyumba ya Malamulo inakonza zimenezi mu June 1864. Ena mwa iwo anabadwira ku Africa kwenikweni: Nicholas Said wa ku Kukawa, m'dziko la Borno, anali m'gulu la 55th Massachusetts.

Pa zolemba za usilikali wawo ndiyenera kukuthokozani, chifukwa makhadi amene alembi a Fred C. Ainsworth, mkulu woyang'anira zolemba ku unduna wa zankhondo, anakopera kuchokera m'mabuku oitanira mayina anajambulidwa kale ndipo amapezeka. Khadilo limanena zaka za msilikali, kutalika kwake, kumene anabadwira, ntchito yake, tsiku limene analowa, ndiponso ngati analipo kapena kunalibe mwezi wakutiwakuti. Kwa ena a ku Maryland, Kentucky ndi Missouri mumapezekanso pepala la mbuye wawo akupempha boma chipukutamisozi, mpaka madola 300, chifukwa kapolo wake walowa usilikali. Koma makhadiwo analembedwa kuti boma lidziwe amene alipo ndi amene likuyenera kumulipira. Sanena kuti mayi ake anali ndani, anasiya mkazi kuti, ana anali angati.

Zimenezo zili m'fayilo ya penshoni, ndipo zinalowamo chifukwa boma linkakayikira. Mkazi wamasiye akapempha penshoni, ankafunika kuonetsa kuti analidi pabanja ndi msilikaliyo. Koma malamulo a m'madera a ukapolo sankazindikira ukwati wa akapolo, choncho panalibe mtchatho, panalibe buku limene wina akanatsegula. Asilikali akuda ambiri ataphedwa pa Fort Pillow ku Tennessee pa 12 April 1864, vutoli linaonekera poyera, ndipo Nyumba ya Malamulo inayamba kulola kuti umboni wa anthu, wakuti awiriwo ankakhalira limodzi ngati banja, ulowe m'malo mwa pepala. Apa ndi pamene ofesi ya penshoni inkatumiza ofufuza apadera kumidzi kukafunsa mafunso. Ankakhala pansi ndi mayi wamasiyeyo, ndi anansi ake, ndi asilikali anzake a malemuyo, nthawi zina ndi banja la mbuye wakale, n'kumalemba zonse zimene akunena.

Amene anawerengapo umboni woterewu amadziwa mmene umakhalira. Mayi wokalamba akufotokoza munda umene anabadwira ndi mwini wake, amene anawadalitsa ukwati, kaya anali mlaliki kapolo mnzawo kapena anangouzidwa ndi mbuye kuti kuyambira lero muzikhalira limodzi. Akutchula ana mmodzimmodzi, amoyo ndi omwalira, ndi amene anagulitsidwa osaonekanso. Posadziwa chaka, amayerekezera ndi zochitika: mwana uyu anabadwa nkhondo isanayambe, uyu asilikali a kumpoto atangodutsa. Kumapeto kwa tsamba kuli dzina lake lolembedwa ndi dzanja la wofufuzayo, pakati pake pali kamtanda kamene mayiyo anajambula yekha chifukwa sankatha kulemba, ndipo pambali pali mayina a mboni ziwiri. Malo ena amene anthu amene anali akapolo analankhula zambiri chonchi za mabanja awo, atalumbira, mayina awo n'kulembedwa, ndi ochepa kwambiri.

Lamulo la June 1890 linatsegula chitseko kwambiri. Aliyense amene anagwira usilikali masiku 90, natuluka mwaulemu, koma tsopano sangathe kugwira ntchito yamanja, ankatha kupempha penshoni ngakhale kulumala kwake kusanachokere kunkhondo. Mafayilo anachuluka. Mu 1898 ndi mu 1915 ofesiyo inatumizanso mafunso kwa olandira penshoni: dzina la mkazi wanu asanakwatiwe, munakwatirana liti ndipo kuti, mayina a ana ndi masiku awo obadwa. Kwa wofufuza makolo, tsamba limodzi limenelo limatha kulumikiza mibadwo itatu.

Tsono pali vuto la mayina, ndipo pano ndikupempha kuti mumvetsetse bwino, chifukwa kujambula kokha sikungakwane. Amuna ambiri analowa usilikali ndi dzina la mbuye wawo, nkhondo itatha n'kutenga la bambo awo owabereka kapena lina limene anasankha okha. Ena anasintha dzina dala pothawa kuti asapezeke. Ena mlembi anangolemba mmene anamvera. Chitsanzo chodziwika ndi mwamuna wachiwiri wa Harriet Tubman, mayi amene anathawa ukapolo n'kumathandiza akapolo ena kuthawa. Anthu ankamudziwa ngati Nelson Davis, koma m'gulu la 8th United States Colored Infantry analembedwa kuti Nelson Charles. Atamwalira mu 1888, Tubman anavutika zaka zingapo kuti aonetse kuti Davis ndi Charles anali munthu mmodzi, ndipo penshoni ya umasiye ya madola 8 pa mwezi inayamba kutuluka mu 1895. Uyutu ndi mayi amene anatsogolera nawo asilikali pa mtsinje wa Combahee mu June 1863, pamene akapolo oposa 700 anamasulidwa. Ngati iye zinamuvuta chonchi, nanga mdzukulu wa lero amene wangogwira dzina loyamba lokha? N'chifukwa chake ndikupempha kuti m'ndandanda wofufuzira mukhale dzina lililonse lopezeka m'fayilo: la msilikali ndi ena onse amene ankadziwika nawo, la mkazi wake, la ana, la mboni, la mbuye wakale, ndi la munda. Munthu amene kholo lake silinali msilikali n'komwe akhoza kulipeza litatchulidwa ngati mboni m'fayilo ya mnansi.

Panopa chimene chili pa intaneti kwa onse ndi makhadi olozera, onena kuti fayilo ilipo ndipo nambala yake ndi yakuti. Mafayilo enieniwo, ambiri akadali mapepala m'mabokosi ku Washington. Woifuna apite yekha, kapena alembe munthu ganyu, kapena aitanitse kope ndi fomu ya NATF 85, imene kwa zaka zingapo mtengo wake wakhala madola 80 pa masamba 100 oyambirira. Kwa amene akudziwa bwino fayilo yake, ndalamayo akhoza kuipeza. Koma wofufuza makolo akuda kawirikawiri sadziwa. Amakhala ndi amuna asanu a dzina lofanana m'magulu atatu osiyana, ndipo ayenera kuwerenga onse kuti adziwe wake. Asilikali akuda ambiri anachokera ku Louisiana, Kentucky, Tennessee ndi Mississippi, ndipo zidzukulu zawo zambiri sizikhala pafupi ndi Pennsylvania Avenue, msewu umene pali ofesi yanu.

Ndikudziwa kuti ena mwa mafayilo a akazi amasiye anajambulidwa mogwirizana ndi FamilySearch ndi Fold3, mabungwe oika zolemba zakale pa intaneti, ndipo sindikunyoza mgwirizano umenewo, popeza popanda iwo bwenzi zojambulidwazo zili zochepa kuposa pamenepa. Koma ntchitoyo inakhudza gawo chabe, ndipo pa mafayilo awa makamaka, sizikundikhalira bwino kuti mdzukulu alipire ndalama ya mwezi ndi mwezi kuti awerenge mawu a agogo ake amene anagwira ntchito moyo wawo wonse osalipidwa.

Wina anena kuti bwanji kusankha akuda, pamene asilikali a kumpoto onse anali oposa 2 miliyoni. Yankho langa ndi lakuti onse adzajambulidwe, koma poyambira pakhale pamene palibe njira ina. Mdzukulu wa msilikali wachizungu fayilo ya penshoni ikasowa, ali ndi kalembera wa 1850 ndi 1860, mabuku a ubatizo, zikalata za malo ndi mawilo ogawira chuma cha masiye. Mdzukulu wa kapolo akatsegula wilo yomweyo, amapeza kholo lake litalembedwa ndi dzina loyamba lokha, mtengo wake pambali, pakati pa akavalo ndi mipando. Za asilikali a kum'mwera sindikukuvutitsani nazo, poti penshoni zawo zinkaperekedwa ndi maboma a zigawo ndipo mafayilo ake ali kumeneko.

Chinanso, mapepala amapsa. Mu January 1921 moto unabuka m'nyumba ya unduna wa zamalonda ku Washington, ndipo kalembera wa 1890 anawonongeka pafupifupi yense. M'chaka cha 1890 chomwecho munachitikanso kalembera wapadera wa asilikali akale ndi akazi awo amasiye, koma mapepala ake a zigawo zoyambira Alabama mpaka Kansas potsata afabeti, ndi theka la Kentucky, kulibe. Mu 1973 moto wina ku St. Louis unawononga mafayilo a asilikali a nkhondo zimene zinabwera pambuyo pake oposa 16 miliyoni. Fayilo ya penshoni imene sinajambulidwe ili ndi kope limodzi lokha padziko lonse.

Manja owerenga ndi kulemba mayina asakudetseni nkhawa. Pamene zolemba za Freedmen's Bureau, ofesi ya boma imene inkathandiza akapolo omasulidwa, zinaperekedwa kwa anthu odzipereka mu June 2015, anthu oposa 25,000 anatulutsa mayina pafupifupi 1.8 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Inu nomwe muli ndi dongosolo la anthu odzipereka lotchedwa Citizen Archivist, ndipo mwaitana kale anthu kuti akopere mafayilo a penshoni a nkhondo yomenyera ufulu wa America. Chimene anthu odzipereka sangachite okha ndi kutsegula mabokosi, kuwongola mapepala opindika kwa zaka zoposa 100, ndi kuwajambula. Pamenepo ndi panu.

Pojambula, chonde musasankhe masamba. Fayilo ijambulidwe yonse, ngakhale envelopu ndi timapepala ta alembi. Si zonse zili m'menemo zimene zili zoona: panali maloya adyera amene ankaphunzitsa mboni zonena, panali akazi awiri olimbirana penshoni ya mwamuna mmodzi, panali okalamba amene anasokoneza zaka. Wowerenga amazindikira zimenezi akaona umboni wonse pamodzi, wina ukutsutsa unzake. Musasiyenso mafayilo a anthu amene anakanidwa penshoni. Nthawi zambiri amenewo ndiwo onenepa kwambiri, chifukwa pamene boma linkakayikira kwambiri ndi pamenenso linafunsa mafunso ambiri.

Ngati ndalama za chaka chino sizikwanira ntchito yonse, yambani ndi magulu a chigawo chimodzi, kaya Louisiana kaya Kentucky, ndipo mulengeze poyera gulu limene likujambulidwa tsopano ndi limene likutsatira, kuti banja limene lili ndi nambala ya fayilo m'manja lidziwe ngati lidikire kapena liyambe kusonkha ndalama ya ulendo.

Ine wanu,
Mayi wa ana amene akufunafuna dzina la kholo lawo