Ana anzeru zapadera apatseni zogwira ndi manja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ana amene sitiwadera nkhawa kwenikweni m'sukulu zathu za pulayimale: aja omaliza samu anzawo asanatsegule ndi kope lomwe, ofunsa mafunso mpaka kuuzidwa kuti "khala chete, zimenezo ukaphunzira ku sekondale". Anthu amati poti ndi anzeru adzadzionera okha. Ndaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo ndikudziwa zimene mwana wotere amapatsidwa akamaliza ntchito msanga. Amauzidwa kuti alembe mayina a olongolola, afufute bolodi, kapena alembere anzake manotsi aphunzitsi akapita ku ofesi. Akafika Sitandade 8 amamuunjikira mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, m'mawa ndi madzulo, kuti adzakweze dzina la sukulu. Kupatula pamenepo palibe.

Sindikuloza chala aphunzitsi. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, pamene ana olembetsa ku pulayimale anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi athu sanapumepo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma alipo ambiri amene amaima patsogolo pa ana opitirira 100. Mphunzitsi wotere maso ake amakhala pa mwana amene sakutha kuwerenga, ndipo akulondola. Nkhani yanga ili pa zimene zingachitike belu lowerukira litalira.

Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Anasiya sekondale chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, kenaka anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Zida zake zinali dayinamo ya njinga, chifelemu cha njinga, chikupizo cha thirakitala yakufa, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Nzeru anazitola m'buku la mulaibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale ya kwawoko, zithunzi zikumuthandiza pamene Chingerezi chinkamukanika. Anthu ankamuyesa wamisala. Anadzamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Chimene chimandikhudza n'chakuti Wimbe ali pafupi ndi Mtunthama, pamene pali Kamuzu Academy, sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1981 kuti izitenga ana anzeru kwambiri ochokera m'maboma onse. Sefa yathu yosankhira ana, yomwe ndi mayeso olemba, sinamugwire mnyamatayu. Ku Mulanje nako Gabriel Kondesi, amene sanamalize n'pulayimale yomwe, anapanga nyumba youlutsira mawu ya Pachikweza ndi zidutswa za mawailesi akale, ndipo dziko linamudziwa mu 2009 atamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo. Awiriwa anatulukira mwa mwayi. Amene mwayiwo unawaphonya sitidziwa n'mayina awo omwe.

Ndiye pempho langa ndi ili: sukulu iliyonse, kapena sukulu zingapo za m'zoni imodzi pa TDC yawo (malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirako pa maphunziro awo), zipatule masana amodzi pa sabata oti ana azipanga zinthu ndi manja awo, popanda choko, popanda manotsi oloweza. Sizilira labotale ya mamiliyoni ayi.

Tengani chidulo, chomwe amayi amacheza ndi phulusa kuti aphikire therere. Wiritsani chidede chofiira, madzi akewo muwathire m'makapu atatu. M'kapu yoyamba finyiranimo ndimu, muona kufiira kukuwala. M'kapu yachiwiri donthezani chidulo, madzi aja asanduka obiriwira modera. Yachitatu isiyeni choncho kuti muzifananizira. Mwana wamba asangalala n'kupita. Koma pali wina amene mawa lake abwera ndi sopo, soda, madzi a bwemba, malambe ndi thobwa losasa, akufuna kudziwa kuti chilichonse chigwera mbali iti. Ameneyo mupatseni kope ajambule mizere, alembe zomwe wayesa ndi mtundu umene watuluka. Wayamba kale phunziro la asidi (zowawasa ngati ndimu) ndi alikali (zonga chidulo), ndipo wayamba ndi funso lake, osati la m'buku. Akafunsa kuti nanga akasakaniza ndimu ndi chidulo zikhala bwanji, musamuyankhe. Mupatseni kapu ina.

Chimodzimodzi msomali, waya wa kopa wokutidwa wochokera m'wailesi yakufa ndi batire la tochi. Kulungani wayayo pamsomali, lumikizani ku batire, msomali uyamba kunyamula mapini. Funso lokoma ndi loti: ukazunguliza ka 20 unyamula angati, nanga ka 40? Botolo la pulasitiki lodula pakati ndi rula zikwanira kuyezera mvula tsiku ndi tsiku kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo sukulu ziwiri zotalikirana pang'ono zikafananiza manambala awo, ana amadabwa kuona kuti mvula siigwa mofanana. Ngakhale ndodo yozika chilili pabwalo ili ndi phunziro. Dziko lathu lili m'chigawo chimene dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, moti ku Lilongwe, chakumapeto kwa Okutobala ndiponso chapakati pa Febuluwale, chithunzithunzi cha ndodoyo chimatsala pang'ono kuzimiririka masana. Mwana wa ku London sangazione zimenezi pabwalo la sukulu yake. Wathu angathe kuzitulukira yekha ngati ayeza ndi chingwe sabata ndi sabata.

Pa zaluso tili ndi phunziro la Expressive Arts pa ndandanda, koma kawirikawiri limathera pa kukopera manotsi onena za kuumba mwana asanakhudze dongo. Chonsecho m'mudzi momwemo muli agogo oumba mbiya amene amadziwa dongo labwino pongolifinya m'manja, amadziwa chifukwa chake mphika umaumitsidwa pamthunzi, ndi chomwe chimauphulitsa pamoto ukaotchedwa usanaumitsitse. Muli mmisiri wa matabwa, telala, wokhoma zidebe, woluka malichero, wokonza njinga ndi wokonza mafoni pamsika. Amenewa ndiwo aphunzitsi a masana amenewa, ndipo komiti ya sukulu iziwapatsa kangachepe kowathokoza, osati kungowaombera m'manja. Mnyamata wopanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa matayala akutsogolo wathetsa kale vuto lenileni la umakaniko. Mufunseni ngati angaiikire masipuling'i kapena nyali. Wopanga banjo ya chigubu mufunseni chifukwa chake nsambo ikafupika mawu amakwera, ayeze ndi rula pamene pali chala chilichonse. Ku Mua, malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anaonetsa kuti osema a m'midzi akapeza malo, zida ndi wowalimbikitsa, ntchito zawo zimafika kutali.

Kulemba ndiye kumandimvetsa chisoni kwambiri. Mwana amene pabwalo amasimba nkhani anzake n'kumagubuduka ndi phwete, m'kalasi timamulembetsa chimangirizo cha "bwenzi langa lapamtima" chaka ndi chaka, ndime zitatu, mawu owerengeka. Mutumeni akacheze ndi agogo ake za njala ya 2002, anthu ankadya chiyani, chimanga ankachipeza kuti, alembe momwe agogowo akulankhulira. Alembe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'chilankhulo chimene nkhaniyo yabwerera. Akawerengere anzake mokweza, amve pamene aseka ndi pamene ayamba kuyasamula, kenaka akalembenso. Kulembanso kumeneku ndi kumene ana athu sakudziwa, chifukwa anazolowera kuti cholembera chofiira chikadutsa nkhani yatha. Nkhani zabwino zizimatidwa pakhoma la sukulu ngati nyuzipepala, mkonzi wake akhale mwana yemwe. Inunso a Mkonzi, katsamba kamodzi pa mwezi ka zolemba za ana a pulayimale sikangakugwetseni.

Ena ati kumeneku n'kukondera, ana onse ndi ofanana. Yankho langa n'lakuti chitseko chikhale chotsegukira aliyense, pasakhale mayeso olowera, pasakhalenso kusankha potengera amene amakhala nambala wani m'kalasi. Pakatha masabata angapo muona okha amene akubwerabe, amene akukana kuweruka, amene akupitiriza ntchitoyo kunyumba. Ena mwa iwo adzakhala aja okhala kumbuyo amene timawatcha ovuta. Mwana wanzeru akatopa ndi kubwereza zomwe akudziwa kale amayamba kusokoneza kapena kujomba, ndipo chibalo cholima pabwalo sichichiza zimenezo.

Atsikana ndiye pafunika kuwaganizira mwadala. Belu likalira mnyamata amatha kutsala pasukulu, koma mtsikana akudikiridwa ndi ndowa, nkhuni ndi mwana wobereka. Magulu a amayi a m'sukulu, amene akugwira kale ntchito yobwezera atsikana m'kalasi, akambirane ndi makolo kuti tsiku limodzi lokhalo mtsikana amasulidwe. Apo ayi tidzangoona anyamata okhaokha atazungulira batire.

Pali zina zoti tisamale. Zisasanduke "pati taimu" ina yolipiritsa, chifukwa mwana wa mlimi wosauka ndiye adzayambe kutsala. Magetsi a ESCOM asayandikiridwe n'komwe, mabatire a tochi ndi timasola ting'onoting'ono n'zokwanira. Ndipo pakakhala chionetsero cha sayansi, oweruza azimufunsa mwanayo chimene chinakanika poyamba ndi momwe anachikonzera. Amene chinthucho anamupangira ndi aphunzitsi kapena amalume ake amaonekera pa funso limeneli.

Ndalama zake si zoopsa. Sukulu za pulayimale zimalandira kale thandizo la boma lotukulira sukulu, ndipo kagawo kochepa kangagule mabatire, guluu, mapulayala, utoto ndi makope. A National Library Service angathandize ndi bokosi la mabuku a zithunzi loyenda sukulu ndi sukulu m'zoni. Ophunzira a ku MUST ku Thyolo, a ku MUBAS ndi a m'makoleji a aphunzitsi akakhala pa tchuthi kwawo angapereke masana angapo. Ndikupempha alangizi a maphunziro a m'mazoni kuti pa msonkhano wa aphunzitsi aakulu wa teremu ikubwerayi nkhaniyi ikhale pa mndandanda, ndipo zoni iliyonse isankhe sukulu imodzi yoyambira.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza